Pulogalamu ya ku Ntcheu yakana kudzuka ku Phwezi

Lachisanu lapitali anandiimbira a Kachingwe, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina kufupi ndi Phwezi, ku Rumphi kuno. Mawu awo anali a munthu amene wadwazika matenda.

"Achimwene, bwerani. Yakana."

Ndinapita, chifukwa m'dera lino dotolo wa makompyuta ndine. Ku koleji sindinamalize, inde, koma amene anamaliza ali ku Lilongwe ndipo sayankha foni.

A Kachingwe ndi a ku Ntcheu, boma linawatumiza kuno. Anabwera ndi kapulogalamu kamene mnzawo anawalembera, kogawa maphunziro: mphunzitsi uti, kalasi iti, nthawi yanji. Pa Windozi kankayenda bwinobwino. Tsono sukulu italandira makompyuta oyendera Linaksi m'malo mwa Windozi, iwo anaimirira pamsonkhano wa aphunzitsi n'kulonjeza kuti pofika Lolemba ndondomeko ya temu ino ikhala itamatidwa pakhoma. Popanda iyo, aphunzitsi awiri amakumana pakhomo la kalasi imodzi, kalasi ina ikuimba ng'oma pamadesiki.

Kompyuta inkalandira zimene mnzawo uja analemba, koma pofika pomanga pulogalamu inkangolavula mizere ya madandaulo.

"Mwawerenga zimene ikunenazi?" ndinafunsa.

"Ayi, ndikungoyesanso."

"Chiyambire liti?"

"M'mawa."

Ndinavula chipewa. Chikhulupiriro chotere chimafunika ulemu.

Abale anga, wodandaulayo amatchedwa linka. Ntchito yake ndi imodzi. Pulogalamu ikaitana dzina, iye amakafuna mwini dzinalo m'malaibulale, mmene mumasungidwa tintchito tolembedwa kale. Akampeza, amawalumikiza. Akapanda kumpeza, sabisa. Amakutchulirani dzina lenilenilo: uyu mwamuitanayu kuno kulibe.

Kapulogalamu kathu kankaitana mayina awiri, wofufuta sikirini ndi wodikira kuti munthu adine batani. Onsewa kwawo ndi ku Windozi. A Kachingwe, mwa nzeru zawo, anali atakopera laibulale ya ku Windoziyo pa fulashi n'kuiika pompo, poganiza kuti Linaksi iimvera chisoni n'kuilandira.

Sindinachite zozizwitsa. Ndinangofunsa kuti ntchito ziwirizi kuno amagwira ndani. Laibulale yake ilipo, ya konkuno. Tinasintha mayinawo, tinamuuza linka koyang'ana, pulogalamu inadzuka.

Titati tisindikize ndondomeko ija, pulinta ya sukulu inalibe inki.

"Mayi a golosale yoyang'anizana ndi nyumba yanu ali nayo pulinta," ndinatero.

A Kachingwe anakanda m'mutu. "Kodi dzina lawo ndani?"

Zaka zonsezi akhala akugula sopo kwa mayiwo moloza ndi chala. Foni yawo yadzaza ndi manambala a ku Ntcheu: makaniko wa ku Ntcheu, telala wa ku Ntcheu. Ngakhale tsitsi limadikira holide kuti likametedwe kwawo.

Si iwo okha. Ine ndine wa ku Dowa, ndiye ndikunena abale anga enieni. Timafika ku Rumphi ndi mudzi wonse pa fulashi, n'kumadabwa kuti sukuyankha. Kenako timati anthu a kuno ndi ovuta. Ovuta bwanji, pomwe "yewo" yekhayu, zikomo wa kuno, akutikanika kutchula?

Tili panjira ndinawaphunzitsa moni wa Chitumbuka, ndinawauzanso kuti mayiwo ndi a NyaGondwe. Atafika anakhosomola kaye.

"Monire amama NyaGondwe."

Mayiwo anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Asambizgi, lero mwayowoya! Aphunzitsi alankhula! Ife timayesa boma linatitumizira munthu wosalankhula."

Anasindikiza mapepala onse, n'kuwonjezera tepi yomatira. Lolemba ana anapeza ndondomeko ili pakhoma, ndipo a Kachingwe anayenda m'khonde la sukulu ngati ndiwo anapanga kompyuta.

Tsono inu amene boma linakutumizani kuno, pepala ndi nkhani yaing'ono. Tsiku limene mwana wanu adzakomoke pabwalo, dzina limene mudzafuule, mwini wake adzakhala ali kuti?