Chitunda cha ku Luwawa

Lero mdzukulu wanga amamata chubu cha njinga pakhonde, ndipo fungo la guluu linandibwezera pa msewu wa ku Luwawa.

Adada anabwerako ku Joni ndi njinga komanso chifuwa cha kumigodi. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankandikweza pakaliyala n'kumapalasa m'zitunda popanda kopita, akuimba masalimo. Ankanyadira kuti palibe chitunda chinawatsitsapo.

Lamulungu lomaliza limene tinayenda limodzi, salimo linadukira pakati pa chitunda. Anatsika n'kukankha njinga mpaka pamwamba, pomwe mitengo ya paini inkanunkhira utomoni. Anatsokomolera m'kansalu, ndipo ndinaona magazi asanakabise m'thumba.

"Lero utsetsereke wekha, mwana wane," anatero akundikhazika pachishalo. "Gwira mabuleki. Usacheuke, ungasanduke mwala wa mchere."

"Nanga inu, adada?"

"Ndikupeza kumunsi. Amama ako usakawauze."

Njinga inaliyatsa liwiro, mphepo ikulira m'makutu. Pokhota ndinalephera kupirira, ndinacheuka. Anali atagwada m'fumbi lofiira, dzanja limodzi pachifuwa, linalo lili m'mwamba, akundipatsa chizindikiro choti ndizipita.