Manja a mkamwini

Ndinaphunzira kuletsa magazi imvi zitayamba kale. Kutchalitchi kwathu, kumtunda kwa Lobi, kunabwera namwino kudzaphunzitsa ife amayi oyendera odwala zoyenera kuchita munthu akavulala kutali ndi msewu. Ndisaname, ine ndinatsatira buledi ndi fanta.

Namwinoyo anagoneka mnzanga pamkeka n'kunena kuti, "Tiyerekeze kuti nkhwangwa yawatema pantchafu kuphiri. Musathamangire kukaitana anthu. Pindani chitenje, ikani pabalapo, kanikizani ndi mphamvu zanu zonse, osasiya."

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi, amayi. Ambiri amapulumuka ndi zomwezi."

Buledi uja ndinamuika pansi osamudya.

Mayi anga anafera kuphiri zaka zambiri zapitazo. Anapita ku nkhuni, nkhwangwa inaterereka pachitsa chonyowa n'kuwatema pantchafu. Amene anamva kukuwa anali amuna anga, omwe ankadula mitengo ya denga chapafupi. Koma kwathu mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Nanga kukweza chitenje chawo n'kugwira ntchafu? Anaima chapatali, nkhope atayang'ana kumbali. Mayi nawonso, magazi ali chuchuchu, ankakokera chitenje pansi n'kumati, "Pitani mukaitane akazi anu."

Amuna anga anathamanga mpaka kusupuka mawondo pamiyala. Pamene azimayife tinkafika, mayi anali atatisiya, atafunda bwinobwino. Pamaliro anthu anayamikira ulemu wa mkamwini, inenso ndinayamikira nawo. Zimandipweteka, zimandikwiyitsanso, koma woti ndimukwiyire sindikumuona.

Nditabwerako ku maphunziro aja ndinapeza amuna anga akusankha mbatata ya kachewere pakhonde. Anandifunsa zomwe taphunzira. Ndinafuna kunena kuti za malungo, poopa kuwavundukulira chilonda. Koma kuphiri ndimapitabe, ndipo nanenso tsopano ndili ndi mkamwini waulemu pakhomo. Ndinakhala pansi, ndinapinda chitenje, n'kuwauza kuti akanikize pantchafu panga, kuti mawa akamuonetse mkamwiniyo.

Anakanikiza. Patapita kanthawi anafunsa, maso ali pansi, "Kodi akazi anga, tsiku lija, izi zikanathandiza?"

"Bala lija linali lalikulu," ndinayankha.

Anagwedeza mutu ngati avomera. Koma manja sanachotse. Mwendo wanga unachita dzanzi, iwo akukanikizabe.