Kachitsulo Kamene Kanasowa Pakhonde

Agogo a nyumba yoyandikana ndi yathu sayankha ngakhale moni akamakonza injini ya njinga yawo yamoto yakalekale. Milomo amaitseka ndithu. Tizitsulo ta mu belingi ya kirankishafuti, mkati mwa injiniyo, tating'ono ngati mpunga, amatiyala pansalu pakhonde n'kumatiwerenga ndi chala.

Tsiku lina chalacho chinaima: kamodzi kanasowa. Mayi wachitsikana wa khomo linalo anaona mwana wake wokwawa ali pambali pa nsaluyo, akutafunatafuna. Anathamanga n'kumunyamula mwanayo. Anamupisa chala m'kamwa, koma munalibe kanthu.

"Agogo, wameza! Mayo ine, mwana wanga wameza!"

Agogowo anadzambatuka. "Thamangira naye kuchipatala, mwanawe!"

Pomwepo kachitsulo kaja kanagwa kuchokera m'kamwa mwa agogowo, momwe anakasunga n'kukaiwala, n'kugubuduka mpaka paphazi la mayiyo.