Ulusi umene sindinaitanitse

Ndinayamba sukulu ndili ndi ana atatu. Anthu ankandiyamikira kuti ndine wakhama. Silinali khama ayi.

Nkhondo yachiwiri itatha ndinabwerako ku Joni ndi jekete, cholembera chili pathumba. Mmwenye wina wa ku Nkhata Bay anali ndi kasitolo kwathu ku Usisya, ndipo wogulitsa wake anali atangomwalira. Anayang'ana cholemberacho n'kundifunsa ngati ndimalemba. Ndinavomera, ndipo anandipatsa ntchitoyo. Manambala ndinkawadziwa, koma zilembo kwa ine zinali ngati mapazi a nkhuku pamchenga.

Kwathu kunalibe msewu. Katundu ankabwera pa sitima ya panyanja kamodzi pamwezi. Sitima ikaima, ndinkapereka kalata yonena zimene anthu akufuna, ndipo zinthuzo zinkafika ulendo wotsatira. Mmwenye ankatumiza zolembedwa zokha, iyenso n'kumaitanitsa ku Limbe potsata makalata athu.

M'kabati ndinapeza kalata yomaliza ya malemu uja. Ndinkaikopera mzere ndi mzere mwezi uliwonse, osadziwa zimene ikunena, mpaka katundu atafika: mchere, sopo, palafini, makasu, maambulera. Iye anailemba mvula ikuyamba. Mvula inatha, makasu akubwerabe, ndipo ndinkawaunjika kuseri kwa kauntala.

Mu Meyi munabwera mnansi wanga, msodzi amene ankaimba besi kutchalitchi. Anali ndi ukonde waukulu wa ulusi wa m'sitolo, wodyetsa nyumba zisanu, ndipo unali utang'ambika pamiyala.

"Ada, tizilima m'nyanja kodi?" anatero akuloza makasu. "Ulusi uli kuti?"

"Ndalemba kale, ada. Ubwera ndi sitima ikubwerayi."

"Yewo. Muzilemba zikuluzikulu, mwina Mmwenye wanuyo maso atha."

Aphunzitsi a pamishoni ankabwera kudzagula machesi sabata iliyonse. Ndikanangowapempha kuti andionjezere mzere umodzi. Koma mudzi wonse unkanditcha akalaliki, ndipo dzinalo ndinkalikonda.

Mu Juni sitima inabwera. Mnansi wangayo analowa m'madzi mpaka m'chiuno kuthandiza kutsitsa katundu m'boti, ndipo mtolo umene anasenza unali wa makasu. Anautula pakhonde la sitolo. Sanaseke.

"Munalembadi, ada?"

"Ndi dzanja langali."

"Ndiye kuti akutipeputsa. Ndipita ndekha."

Inali nyengo ya mwera, ndipo pakati pa Usisya ndi Nkhata Bay pali malo aatali a matanthwe okhaokha, popanda pokocheza bwato. Ndinamuuza kuti adikire mphepo ileke.

"Ana sadya makasu," anatero. "Ingondilemberani kakalata, akandigulitse msanga."

Apa m'pamene ndikananena zoona. Tinali awiri basi. M'malo mwake ndinatulutsa cholembera n'kulemba zimene dzanja langa linazolowera, mizere iwiri yoyamba ya kalata ija. Lero ndikudziwa kuti ndinalemba mchere ndi sopo. Anapinda pepalalo bwinobwino n'kuliika m'chipewa.

Ananyamuka m'mawa ndi mng'ono wake. Mng'onoyo anabwerera wapansi tsiku lachitatu, mapazi ali magazi. Mtembo wa mnansi wangayo tinaupeza pamiyala. Okumba manda atasowa zida, ndinawatsegulira sitolo. Makasu analipo okwanira aliyense.

Sabata yomweyo ndinapita kwa aphunzitsi, ndinatseka chitseko, n'kuwauza kuti sindidziwa kulemba. Za ulusi sindinanene. Anandilembera kalata yatsopano, tikufunsana chimene anthu amafuna mwezi uno ndi chimene adzafune mwezi wamawa. Kenako anandiuza kuti Lolemba ndibwere ndi sileti.

Ulusi unafika mu Ogasiti, katoni yathunthu. Mmwenye anatuma mawu odandaula kuti bwanji sindinanene kale, poti unali m'nyumba yake ya katundu chaka chonse. Nthawi imeneyo mkazi wamasiye wa mnansi wanga uja anali atagulitsa kale ukonde kwa anthu a ku Ruarwe.

Anakhala zaka zambiri, ndipo ankagula sopo kwa ine. Nthawi zonse ankati, "Inu munayesetsa, ada. Munalemba kawiri konse. Ndi Mmwenye uja." Ine ndinkakulunga sopoyo m'pepala n'kumupatsa ndi manja awiri. Pa maliro ake anthu anandipempha kuti ndiwerenge Mawu, popeza ndinali wodziwa kuwerenga bwino, ndipo ndinawerenga.