Mayi Benvinda ndi Mlendo wa ku Petauke

Kanjira kopita ku madimba a kumunsi kwa Fonte Boa, m'chigawo cha Tete, kamadutsa pakhomo pa mayi Benvinda Salvador. Wopita kukathirira kachewere amawapeza pakhonde akupalasa makina osokera, mapini ali pakamwa. Ndiwo amasoka madiresi a ukwati ndi zovala za ana a shikola, kapena kuti sukulu, m'dera lonselo, koma anthu sawatchula ndi ntchitoyo. Amangoti "a Zambia". Amuna awo, a Tarsisio, omwe amakonza njinga pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, ndiwo "a Malawi".

Mayinawa anabwera ndi nkhondo ya pachiweniweni ya m'dziko muno. Benvinda ali mtsikana anatumidwa ku Chifunde kukathandiza azakhali ake omwe anali atangochira mwana. Ali komweko njira yobwerera inatsekeka, ndipo anathawa ndi azakhaliwo kulowera ku Zambia, komwe anakafikira pamudzi wa othawa nkhondo kufupi ndi Petauke. A Tarsisio sanayende mtunda wotere. Anangodutsa malire n'kukakhala kwa amalume awo ku Dedza, komwe mapiri a kwawo ankawaona tsiku lililonse popita kukatunga madzi.

Mtendere utabwera, awiriwa anakumana m'kwaya ya ku tchalitchi. Tsiku lina pochokera kophunzira nyimbo, Benvinda anaima pa mayi wogulitsa masamba n'kufunsa ngati anali ndi chibwabwa. Wogulitsayo anangoyang'ana, osamva.

"Akunena nkhwani," anatero Tarsisio akuseka. "Awa Chinyanja chawo anachisiya panjira."

"Inu mwabwera ndi chiyani kuchokera ku Malawi kwanuko, kupatula mapepani?" anayankha Benvinda.

Chaka chotsatira anakwatirana, ndipo mkangano umene unayambira pa nkhwani unalowa nawo m'nyumba. A Tarsisio ankati ku Malawi kuli ulemu: munthu akafika pagulu amapereka moni mmodzimmodzi, ndipo ngakhale ukamuponda chala ndi iyeyo amayamba kupepesa. Mayi Benvinda ankati ulemu wotere ndi wamantha chabe, Mzambia akakwiya umadziwa pomwepo, mukangana, mawa lake mukudyera limodzi. Iwo ankakumbutsa kuti ku Zambia anapatsidwa munda wawowawo, analima mtedza mpaka nkhokwe kudzaza, pamene amuna awo ankaima pamzere kudikira ufa. A Tarsisio ankayankha kuti iwo sanagonepo mwa mlendo, amene anawasunga anali abale. Ankakangana za usipa ndi kapenta, za thobwa ndi munkoyo, ndipo za mpira sitinena.

Ngakhale Chizungu chimene chimalankhulidwa m'mayiko awiriwo, chomwe onse awiri sankachimva bwino, chinkawapatsa nkhani. "Mmalawi amachisunga Chizungu ngati jekete ya Lamulungu," ankatero mayi Benvinda. "Amachivala popita ku ofesi basi. Mzambia amapita nacho ndi kumunda komwe, n'kuchisakaniza ndi chilichonse." Kwa a Tarsisio kumeneko kunali kuwononga zilankhulo ziwiri nthawi imodzi.

Pamene nkhani inkafika povuta ndi pa radiyo. Ya ku Malawi inkamveka ngati muulutsi wakhala pakhonde pomwepo, ndipo a Tarsisio sankaphonya mauthenga a maliro, masewero ndi moni wa omvera. Ya ku Lusaka inkamveka chapatali, ngati munthu akulankhula mvula ikugwa pamalata, komanso Chinyanja chinali ndi nthawi yake, chikatha n'kubwera Chibemba, kenako Chitonga. Mayi Benvinda anagula karadiyo kawokawo ku tawuni yathu ya Ulongwe, nakwezetsa waya mumtengo wa pichesi. Nthawi ya Chinyanja ikakwana ankaimitsa makina, n'kugunditsa khutu pa karadiyoko. Mapilya, mabatire aja, akatha mu radiyo imodzi, m'nyumbamo munkakhala kalondalonda, aliyense akubisa ake.

Chimene amuna awo sankachidziwa bwino n'chakuti mayiwa sankangomvera nyimbo. Ankayembekeza kuti tsiku lina adzamva dzina la Ailedi Mumba, mtsikana wa m'mudzi woyandikana ndi wa othawa nkhondo uja. Ailedi ndiye anawaphunzitsa kusoka pa makina a mayi ake, ndipo ankawabweretsera mphonda zophika m'masiku oyamba, chakudya cha thandizo chisanayambe kufika. Tsiku lobwerera kwawo galimoto inanyamuka Ailedi ali kumaliro kutali, moti sanatsanzikane.

Zaka zingapo zapitazo mwana wawo Valentim, yemwe amayendetsa chapa, minibasi ya kuno, pakati pa Ulongwe ndi Tete, anawagulira telefoni n'kuwaonetsa kuti radiyo ina ya kum'mawa kwa Zambia imamveka pa telefoni yomweyo, popanda waya wamumtengo. Inali ndi pulogalamu ya anthu ofunafuna abale. Valentim anawagwirira telefoni, iwo n'kujambula mawu. Anayamba mwamanyazi, koma atatchula dzina la Ailedi mawu anamasuka, anafotokoza za mphonda, za makina, ndi za diresi loyamba limene anasoka mkono umodzi wautali kuposa unzake.

Uthengawo unaulutsidwa Loweruka masana. Sabata isanathe telefoni inalira mayi Benvinda akupima mkwatibwi.

"Ndimwe Benvinda wa diresi yopotoka?" anafunsa mawu a mayi wachikulire.

Mkwatibwi uja anaima nthawi yaitali ali ndi mapini m'chiuno, telala wake atakhala pansi akulira ndi kuseka.

Ailedi anabwera kukolola kutatha, m'nyengo imene chisanu cha kuno chimaluma makutu. Anadzera ku Chipata, Lilongwe ndi Dedza, ndipo Valentim anakamutenga pamalire. Anatsika chapa atafunda nsalu ziwiri, akufunsa ngati anthu amakhala m'dziko lozizira chonchi mwa kufuna kwawo. Amayi awiriwo anagwirana manja osafuna kusiyana, aliyense akuseka imvi za mnzake.

A Tarsisio anapha nkhuku, koma anali ndi cholinga chawo. Mlendoyu anali Mzambia weniweni ndipo anali atangodutsa m'Malawi ndi maso ake. Atatha kudya, anzawo ena a m'kwaya ali pomwepo, anakonza pakhosi.

"Mayi Mumba, mutithandize. M'nyumba muno muli mlandu wakalekale. Inu mwaona mayiko onse awiri. Tiyambe ndi radiyo: yabwino ndi iti?"

Mayi Benvinda anakhala tsonga, nkhope ili ngwee, poti mboni inali yawo.

"Ine radiyo imene ndinakula nayo ndi ya ku Malawi," anatero Ailedi mosavutika. "Kwathu kum'mawa ndiyo inkamveka bwino, ndipo inkalankhula chilankhulo chathu tsiku lonse. Ya ku Lusaka tinkaitsegula pa nkhani basi. Amayi anga ankadziwa maliro a ku Dedza kuposa a m'mudzi mwathu."

A Tarsisio anadzuka, navina kuzungulira mpando, chipewa chili m'manja. A m'kwaya anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ailedi, ndakuitana kuti udzandigulitse?" anatero mayi Benvinda.

"Dikirani, sindinamalize," anatero mlendoyo. "Abambo khalani pansi. Minibasi imene ndinakwera ku Lilongwe anatipanikiza ngati matumba a chimanga, munthu wina anandikhalira pamwendo mpaka ku Dedza. Palibe anadandaula, aliyense pepani, pepani. Ine ndekha ndi amene ndinakalipira kondakitala, basi yonse n'kumandiyang'ana ngati ndapenga. Kwathu dalaivala ameneyo akanatsitsidwa."

Apo ndiye mayi Benvinda anaimba nthungululu. Mlanduwo sunagamulidwe, chifukwa Ailedi anali atapeza kale nkhani ina: buledi wa ku Ulongwe, uja wa khungu lolimba, amene anati sanamulawepo ku Petauke kapena ku Lilongwe. M'mawa uliwonse a Tarsisio ankapalasa njinga kukamugulira, akudandaula njira yonse, koma osaphonya.

Pobwerera, Ailedi anatenga mnzakeyo. Mayi Benvinda anapeza Zambia wina, wosiyana ndi amene ankamusimba pakhonde. Msika wa Petauke unali utakula moti anasochera, ndipo achinyamata ankalankhula Chinyanja chothamanga chimene iwo, a Zambia a ku Fonte Boa, ankachita kufunsa tanthauzo. Munda wawo wakale unkalimidwa ndi banja lina lachinyamata. Atawafotokozera kuti zitsa za m'mundamo anazula ndi iwo, mkazi wa pakhomopo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lichero la mtedza wambewu.

Mtedzawo anaudzala kuseri kwa nyumba, ndipo unabereka pang'ono chabe, poti nthaka ya kuno ndi ya kachewere ndi nyemba. Iwo akuti chaka chino ayesa kumunsi, kotentherako. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi amaimbirana ndi Ailedi, ndipo a Tarsisio amapezeka ali pafupi ndi telefoni, ati akufunafuna sipanala.

Mwezi wathawu bamboyu anakwera chapa ya Valentim kupita ku Tete kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti. Anzawo atawafunsa ngati a Malawi nawonso atembenuka, anakana kwamtuwagalu. Akuti mdzukulu wa Ailedi akukwatiwa mwezi wa Okutobala, diresi asoka ndi akazi awo, ndipo pakufunika munthu wodziwa kumanga katundu kuti lisakwinyike panjira.