Kukayesa Mchira Watsopano pa Phiri la Zomba

Tinanyamuka kunyumba kwathu ku Chikanda Loweruka m'mamawa, ana a pakoleji amene amachita lendi kuseri kwathu asanatsuke n'komwe mkamwa. Ine ndinasenza katoni ya helikopita itakulungidwa m'chitenje. Amuna anga, bambo a Lonjezo, ankabwera pambuyo atakumbatira chikwama cha rimoti ndi mabatire, dzanja lamanja atalibisa m'thumba la jekete. Dzanja limeneli linali litayamba kunjenjemera atangopuma pantchito yawo ya zankhalango, ndipo pang'onopang'ono iwo anasiya kutuluka. Kubawo anasiya chifukwa njere zinkawapulumuka. Kutchalitchi anayamba kukhala benchi yakumbuyo, kenako anasiyiratu. Choncho kuwaona atavala nsapato zoyendera tsiku limenelo, ine mtima unali kale m'mwamba.

Helikopita ndikunenayi si yokwera anthu ayi. Ndi yaitali ngati mkono wanga, yoyendetsa ndi rimoti, imene mwana wathu Lonjezo anawatumizira bambo ake kuchokera ku Joni. Vuto lake linali mchira. Kwa inu amene simunaionepo, mapiko aakulu apamwamba aja akamazungulira, thupi lonse limafuna kuzungulira mobwerera, ndipo chimene chimaligwira ndi timapiko ting'onoting'ono ta kumchira. Mchira wakale unali wapulasitiki, utakhwepa, moti ikangodzuka inkagwedeza kumbuyo ngati galu waona mbuyake. Tsiku lina inazungulira ngati nguli n'kukagwera mu mpiru wa aneba.

Lonjezo anatumiza pabasi mchira watsopano wachitsulo, lamba wake, kamakina kopendeketsa timapiko kotchedwa sevo, ndi kabokosi kena kotchedwa jailo, kamene kamamva mchira ukamathawa n'kuubweza. Phukusi limenelo linakhala pamwamba pa wadiropu dzinja lonse. Timasikuluwu take n'tofanana ndi njere za mpunga, ndipo bambo a Lonjezo sakanatha kutigwira. Ine ndine telala. Tsiku lina ndinalitsitsa n'kunena kuti, "Inu muzinena, ine ndizimanga." Anandiyang'ana, kenako anakoka mpando.

Tinagwira ntchitoyo masana aliwonse kwa sabata yathunthu. Ankandiuza kuti lamba asalimbe kwambiri, asakhwepenso, "ngati ulusi wa pamakina anuwo." Pa sikuluwu iliyonse ndinkadonthezapo kyutekisi wopaka m'zikhadabo pang'ono kuti isamasuke ndi kunjenjemera kwa injini. Koma kasikuluwu kamodzi, komangira sevo, kanagwa pansi n'kusowa ngati kanamera miyendo. N'chifukwa chake ulendo wathu unayambira kumsika.

Tinafika pamsika cha m'ma seveni, amayi a tomato akuyala kumene. Pafupi ndi geti pali mkulu wina wokonza mawotchi ndi magalasi, Che Saidi, wa kachipewa koyera.

"Ajimwiche uli, achimwene? Mwasowa m'tauni muno," Che Saidi anawalonjera amuna anga m'Chiyao.

"Tilipo, Che Saidi. Tikufuna kasikuluwu."

"Ka wotchi?"

"Ka ndege."

Che Saidi anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana ine, ngati akufunsa kuti kodi kunyumba zinthu zili bwino. Nditamasula chitenje, anaseka mpaka kutsokomola. Anakhuthula kabotolo ka timasikuluwu pa thireyi, tonse atatu n'kuweramira pomwepo ngati tikusankha mpunga. Kamene kanakwana kanachokera pa magalasi akale a munthu wina. Ndalama anakana. "Ikauluka mudzangondiuza. Ikagwa musanditchule."

Kuchoka apo tinagula zitumbuwa zotentha n'kulowera kumene kumaima matakisi. Mnyamata wa galimoto yoyera ataona katoni anayamba ndi mtengo wa alendo, faifi sauzande. Bambo a Lonjezo anamuuza kuti paini wina amene akamuone kumtundako anabzala ndi iwo, iyeyo asanabadwe. Mnyamatayo anati, "Basi madala, kwerani, tikagwirizana pamwamba." Tinakagwirizana pa theka.

Msewu wokwera phiri la Zomba si wa munthu amene wadya kwambiri. Umakhota, n'kukhotanso, galimoto ikulira giya yoyamba. Kumanja thanthwe, kumanzere phompho, ndipo tauni imanka ichepa pansi mpaka malata n'kumaoneka ngati zitsekerero za mabotolo. Tinkakumana ndi abambo otsetsereka ndi njinga zitasanjikidwa nkhuni kupitirira mutu, phazi limodzi likukhukhuza tayala m'malo mwa mabuleki. Pa kona ina anyani anali atakhala pakati pa msewu, osatekeseka. Dalaivala anaimba hutala, wamkulu wawo n'kungotembenuka kudzikanda.

"Awa ndiye eni msewu," anatero dalaivala. "Ife timangobwereka."

Bambo a Lonjezo ankayang'ana panja, nkhope ili pawindo. Malo ena amene ankawadziwa ali nkhalango yowirira anali zitsa zokhazokha. "Apa panali mthunzi woti masana umayatsa tochi," anatero motsitsa mawu. Patsogolo pang'ono tinalowa m'mitengo yaitali, fungo la paini n'kudzaza m'galimoto, ndipo ndinawamva akukoka mpweya wambiri ngati munthu wafika kwawo.

Tinatsika kupitirira damu, cha m'ma naini. Pamwamba pamazizira, musadzaiwale juzi. Ogulitsa zipatso anatithamangira ndi timbale ta masitiroberi ndi mabulosi, ndipo ndinagula kamodzi kwa mayi wina wobereka mwana. Kenako tinatsata kanjira ka pansi kamene amuna anga ankakadziwa, iwo patsogolo tsopano, ine pambuyo. Chifunga chinali chisanathe m'mitengo. Tinatulukira pa bwalo lina la udzu waufupi, lopanda mawaya a magetsi, lopanda anthu. Ndi zimene ankafuna. Ku Chikanda ukangotulutsa helikopita, mudzi wonse umabwera, ndipo iwo sankafuna kuti wina aone zala zawo pa rimoti.

Tinamwa tiyi wa mu fulasiki ndi zitumbuwa podikira kuti chifunga chikwere. Kenako ndinaika helikopita pa udzu, mchira utaloza kwa ife, n'kulumikiza batire monga anandiphunzitsira. Iwo anakankha kandodo ka rimoti pang'onopang'ono. Mapiko anayamba kulira. Itangopepuka pansi, inazungulira mwaukali, fwiii, n'kugwa chammbali. Anazimitsa msanga.

Ine ndinagwira pakamwa. Ndinkaganiza kuti ntchito ya sabata yonse yathera pomwepo, ndipo mwina ndinalakwitsa ndine pomanga. Tinathamangira. Panalibe chothyoka, udzu unali utaiwakha. Bambo a Lonjezo anagwada, n'kundiuza kuti ndiinyamule ndiitembenuze mphuno kumanzere, iwo akuyang'anitsitsa timapiko ta kumchira.

"Si inu ayi," anatero. "Ndi jailoyu. Mchira ukathawira uku, m'malo moubweza akuukankhira komweko. Pali kaswitchi m'mbalimu. Muli ndi phini?"

Telala sasowa phini. Ndinachotsa ya pa chitenje, n'kutembenuza kaswitchiko. Titayesanso m'manja, timapiko tinayankha mbali yoyenera.

Kachiwiri helikopita inadzuka bwinobwino mpaka m'mawondo, mchira uli nji. Koma kenako inayamba kudumphadumpha, kupita uku, kubwerera uku. Nditayang'ana rimoti ndinaona chifukwa chake. Chala chawo chachikulu chinkagunda kandodo kosalekeza, ndipo pamene ankayesetsa kuchigwira m'pamene chinkanjenjemera kwambiri. Anaitsitsa pansi, n'kuzimitsa.

"Mchira uli bwino," anatero osandiyang'ana. "Mwamanga bwino, mayi a Lonjezo. Tiyeni tizipita."

Anayamba kuvula lamba wa rimoti m'khosi. Ine sindinaganize zambiri. Ndinapita kumbuyo kwawo, n'kupisa mikono yanga m'mbali mwawo, n'kugwira manja awo onse awiri, zikhatho zanga pamwamba pa zawo. Ndine wamfupi, moti nkhope yanga inathera pa jekete, pakati pa mapewa.

"Mukutani kodi?"

"Yatsani. Ine sindikuona kalikonse, muziona ndinu."

Anaima kaye. Ndinkamva mtima wawo ukugunda kumsana. Kenako mapiko anayambanso kulira. Kunjenjemera kuja ndinkakumva kukulowa m'manja mwanga n'kuthera momwemo, kosafika pa kandodo. Kulira kwa helikopita kunakwera, n'kukhazikika pa liwu limodzi.

"Ili pati?" ndinafunsa.

"Pa chifuwa... pa mutu... Yaima, mayi a Lonjezo. Yaima ngati aipachika pa msomali." Mawu awo anali ngati a mnyamata. "Ndikuitembenuza tsopano. Taonani mchirawo! Ukuima pomwe ndaulozera."

Ndinasuzumira pansi pa mkono wawo. Ndinaiona, kanthu kofiira kali m'malere kutsogolo kwa mitengo yobiriwira, timapiko tachitsulo tija tikung'anima padzuwa. Ndinazindikira sikuluwu iliyonse imene inali m'mwambamo.

Batire litayamba kufooka anaitsitsa mofatsa. M'pamene tinamva kuwomba m'manja. Amayi atatu otola nkhuni anali atatula mitolo yawo m'mphepete mwa bwalo, kaya anafika nthawi yanji. Ndinayembekezera kuti bambo a Lonjezo achita manyazi. Mmodzi wa amayiwo anafuula kuti, "Ife ndege sitikuiona ayi, tikuona chikondicho! Masana ano, amayi?"

Amuna anga anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kuwayankha kuti, "Awa ndi injiniya wanga, musawasokoneze ali pantchito." Anawaitana kuti abwere pafupi, ndipo batire lachiwiri tinaliulutsa iwo akuonerera, ine ndili pamalo panga pomwe paja. Mabulosi tinadya tonse, milomo kuchita kuda.

Potsika, dzuwa litapendeka, tinapeza lole ya matabwa imene dalaivala wake anatilola kukhala kutsogolo. Anatifunsa kuti kumtunda tinakatani, ndipo bambo a Lonjezo anamufotokozera za mchira, za lamba, za jailo, mpaka munthuyo anangoti, "Zoona, madala," kangapo konse. Tisanafike m'tauni anali atagona, mutu uli pa phewa langa.

Ndili m'lolemo ndinkaganiza kuti pa zaka zonse za ukwati wathu, ndinawaphikira, ndinawasokera, ndinawaberekera mwana, koma sindinawagwirepo manja masana anthu akuona. Kwathu sitinaleredwe choncho. Zinatengera matenda, ndi kamchira kachitsulo, ndi phiri lonse lija kuti ndichite zimenezo, ndipo sizinali zovuta n'komwe.

Lole itaima m'tauni ndinawagwedeza. Anatsegula maso n'kufunsa kuti, "Mabatire aja amatenga nthawi yaitali bwanji kuti adzaze?"

"Mukufuna liti?"

"Ngati magetsi alipo," anatero, "mawa tikaweruka kutchalitchi."