Dzanja la Prisca ndi Mafuta a Mayonezi

Inu amene mwatopa ndi kulephera, bwerani ndikuuzeni za Prisca.

Tsiku limene analephera kachiwiri mayeso a zophikaphika ku koleji ya ku Perth, kutsidya kwa nyanja, analira m'sitima mpaka ku Cannington kumene ankakhala, anthu akumuyang'ana. Chomwe chinamugwetsa n'chochititsa manyazi kutchula: mayonezi! Anzake ankapanga olimba bwino, ake amadzimadzi, mafuta paokha mazira paokha.

Mwayi unatsala umodzi. Kulepheranso, viza yake ikanatha, ndipo maloto oitanitsa mwana wake Tithokoze, amene anamusiya ku Kawale asanayambe sukulu, akanathera pomwepo. Lamlungu lililonse mwanayo ankafunsa pafoni, "Amayi, mudzanditenga liti?" Prisca ankamusowa mwanayo mpaka chakudya osalowa. Akaona tiana ta yunifomu pasiteshoni, ankayang'ana kumbali.

Aphunzitsi ankanena ndithu kuti mafuta azithira pang'onopang'ono. Mutu unkamva, dzanja ayi. Prisca anakulira pachiwaya cha tchipisi cha mayi ake, ndipo kwathu kudontheza mafuta ndi umbombo. Timachita kukhuthula, mlendo adziwe kuti tamulemekeza.

Ankakhala kwa Mayi Inonge, namwino wa ku Zambia. Iwo anamupeza atatupa maso.

"Leka kulila iwe," anatero. "Ba Lamson bakana kuyenda ku Japan, ati bayopa ndeke. Tikiti ilipo. Tiye naine."

Amuna awo, Bambo Lamson, akukana, mwayi n'kugwera Prisca.

Atafika ku Japan, mumzinda wa Kobe, Mayi Inonge anamva za fakitale ya mayonezi yomwe alendo amaiona mwaulere. Mayi amenewa ndi zaulere, simungawaletse! Prisca anatsatira monyinyirika. Kuthawa mayonezi ku Perth n'kudzawapeza ku Japan?

Anaona makina akuswa mazira mothamanga moti maso sangatsatire. Kenako mlendo aliyense anapatsidwa mbale kuti ayese kupanga yekha. Prisca anapendeketsa botolo kuti akhuthule monga mwa masiku onse. Mayi wina wachikulire wa pafakitalepo anamugwira pamkono, gwi! Chilankhulo sankamvana. Anangomuyendetsa dzanja: dontho, kutakasa, dontho, kutakasa. Sanamusiye mpaka mayonezi analimba.

Prisca anagwetsa misozi. Chichokereni kumudzi, panalibe munthu amene anamugwirapo dzanja chotero.

Atabwerera ku Perth anayeserera tsiku ndi tsiku, kudzigwira yekha pamkono dzanja likafuna kuthamanga. Bambo Lamson anadya mayonezi mpaka anapempha chifundo. Mayeso achitatu anakhoza, ndipo anapeza ntchito kukhitchini ya chipatala ku Fremantle.

Koma ndisakunamizeni, mapepala a mwana anatenga zaka. Prisca anadikira, akupemphera, akudzuka m'mamawa kukakwera sitima.

Tsiku lofika Tithokoze, Prisca anaima pabwalo la ndege maso ali pansi, akufunafuna kamwana. Mtsikana wamtali anamugwira paphewa.

"Amayi, kodi ndinu aafupi chonchi?"

Prisca anaseka, kenako analira kwambiri, chifukwa zaka zonse zimene mwanayo ankakula iye kulibe zinali zitapita, ndipo palibe akanamubwezera. Koma mwana anali m'manja mwake.

Inunso mwina muli naye amene akukudikirani kwinakwake. Mwagwa kawiri? Pukutani misozi mukayesenso mawa. Musataye mtima, wanuyo akadali panjira.